Makadi a Dokotala Pensulo

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wa tsiku wamba, Lachiwiri kapena Lachitatu, ndipo mwakhala pa benchi ya chipatala chaching'ono cha m'tauni. Pansi pangokolopedwa kumene, fungo la mankhwala okolopera likadali m'mphuno. Kumanja kwanu kuli mayi amene akugwedeza mwana wotentha thupi, kumanzere kuli bambo wachikulire amene wavula nsapato imodzi chifukwa phazi latupa. Kutsogolo kuli zitseko zitatu zobiriwira. Anthu a pa benchipo sakusamala za chitseko choyamba kapena chachiwiri. Onse maso ali pa chachitatu, ndipo wina akadzuka kupita kuchimbudzi amasiya mpango kapena botolo la madzi kuti limusungire malo.

M'chipinda chachitatucho munkagwira ntchito mayi wina amene aliyense ankawatchula kuti Dokotala Pensulo, chifukwa cha pensulo imene inkakhala yobaya m'tsitsi mwawo, pamwamba pa khutu lakumanja. Bambo awo anali mlonda wa pasukulu, ndipo ankatola timapensulo totsala timene ana ataya n'kukapatsa mwana wawo wamkazi. Mwanayo anaphunzira kulemba zilembo zing'onozing'ono kuti kope lisathe msanga, ndipo dzanja lakelo silinasinthe mpaka ukulu. Anali wamfupi, wolankhula motsitsa mawu, ndipo pa nthawi ya nkhani inoyi anali atagwira ntchito pa chipatalapo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mwana akalowa akulira, iwo ankayamba amuveka choyezera pachifuwa m'makutu kuti amve mtima wa adokotala ukugunda. Mwanayo ankatong'ola maso, kulira n'kuiwala.

Makompyuta atabwera, Dokotala Pensulo sanawakane. Tinene zoona, anali mmodzi wa amene anawomba m'manja. Kale mafayilo a odwala ankasowa, ena ankadyedwa ndi chiswe, ndipo munthu wa shuga ankatha kufika n'kupeza kuti mbiri yake yonse yanyowa ndi mvula yodontha padenga. Tsopano ukangolemba nambala ya munthu, zonse zinkatuluka nthawi yomweyo. Vuto linabwera pang'onopang'ono. Ofesi iliyonse ya kulikulu inkafuna kabokosi kake pa fomu ya wodwala. A za fodya anaikapo kawo, a za madzi akumwa kawo, a za ngozi zapamsewu kawonso. Lamulo linali lakuti dokotala yekha ndiye adzaze timabokosito, wodwala ali pomwepo, ndipo kamodzi kakatsala makinawo ankakana kutsegula tsamba lolembapo mankhwala.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wogulitsa m'sitolo, akudandaula za mutu. Adokotala anamufunsa mafunso onse, anadzaza timabokosi tonse, anamulembera mankhwala a mutu n'kumutsanzika. Sipanapite mphindi, namwino wawo, amene onse ankangoti Sisitala, anamubweza atamugwira pamkono.

"Adokotala, mwanayu mwamuona m'maso?"

Atatsitsa chikope cha mtsikanayo, m'kati munali mwa mbee ngati pepala. Magazi anali atatsala pang'ono kumuthera, ndipo anamugoneka tsiku lomwelo. Dokotala Pensulo anakhala pampando kwa kanthawi osaitana wina. Anayesa kukumbukira nkhope ya mtsikanayo monga inalili polowa, koma sanaipeze m'mutu mwawo, chifukwa anali asanaiyang'ane n'komwe.

M'mawa mwake anatembenuzira kompyuta kukhoma. Amuna awo, amene anali telala, anawadulira timakadi kuchokera ku makatoni okulungirapo nsalu, tofanana bwino ngati matumba a malaya. Wodwala aliyense anali ndi khadi lake: nambala, zimene wanena, zimene adokotala aona, ndi mankhwala. Wodwalayo ankapita kukalandira mankhwala ndi kapepala kolemba pamanja, ngati mmene ankachitira magetsi akazima. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, adokotala ankatembenuza kompyuta ija n'kulowetsa zonse za m'mawa, ndipo za masana ankalowetsa asanaweruke. Makadi ankawatsekera m'dilowa ya pansi. Anachita zimenezi kwa chaka ndi miyezi inayi, ndipo ankadziwa kuti lamulo sililola kusunga za odwala pa pepala lapadera.

Kalata inafika Lolemba, mu envelopu ya khaki, kudzera kwa mkulu wa chipatala. Inachokera ku bungwe loyang'anira madokotala. Inati makina akuonetsa kuti tsiku lakutilakuti dokotala wa m'chipinda chachitatu anaona odwala makumi atatu ndi mmodzi pa ola limodzi lokha la masana, ndipo masiku ambiri zinali chimodzimodzi. Bungwelo likukayikira kuti odwalawo ndi opeka, olembedwa n'cholinga chotulutsa mankhwala m'chipatala. Munthu wofufuza afika pakatha masiku khumi, ndipo zikapezeka zoona, chiphaso chawo cha udokotala chilandidwa.

Mkulu wa chipatala anawapatsa kalatayo akumwetulira. "Musade nkhawa, adokotala, n'zamwambo chabe izi."

Kumwetulira kumeneko sikunawasangalatse. Munthu amamwetulira chotero akamapereka kalata imene sanaiwerenge kodi? Potuluka mu ofesimo anayamba kuona zinthu zimene sankaziona kale. Wopereka mankhwala anatseka kawindo kake iwo akudutsa. Dokotala wa m'chipinda choyamba, amene anthu ankamutcha Dokotala Mphepo chifukwa odwala ankalowa ndi kutuluka mwake ngati chitseko chilibe loko, anawapatsa moni kawiri tsiku limodzi. Ameneyo benchi yake inkakhala yopanda anthu pamene yawo inali yodzaza, ndiye mwina zinkamuwawa. Nanga Sisitala? Sisitala yekha ndiye ankadziwa dilowa ija. Anali atagwira limodzi ntchito zaka zisanu ndi zinayi, koma mwezi wathawo adokotala anamudzudzula pamaso pa odwala chifukwa cha bandeji yomangidwa molakwika. Kuyambira tsiku la kalatalo, kiyi wa dilowa anayamba kumuika m'thumba la gauni, osati pansi pa kapu monga kale. Sisitala anaziona zimenezi.

Loweruka masana adokotala anakhala pakhonde la shopu ya amuna awo, akuwathandiza kusomola ulusi pa buluku la munthu.

"Amayi, inu nkhani yanu ndi yophweka," anatero atelala, mapini ali pakamwa. "Akuti anthuwo kulibe. Inu muli ndi makadi. Aonetseni."

"Ndikaonetsa makadi ndiye kuti ndavomera kuti ndinaphwanya lamulo. Ndikabisa makadi ndiye kuti ndine wakuba mankhwala. Sankhani inu, abambo, popeza n'zophweka."

"Wakuba mankhwala wake uti amene mwamuna wake akutsokomola chiyambire mwezi wa mawa osapatsidwa ngakhale kapilisi kamodzi?"

"Mwezi wa mawa sunafike."

"Ndiye mukuona kutalika kwa chifuwacho."

Adokotala sanaseke. Anawafunsa ngati anauzapo munthu za makadiwo, mwina makasitomala awo okonda nkhani aja. Atelala anachotsa mapini pakamwa n'kuwayang'ana.

"Ndafika pokayikiridwa ndi ine? Makadi ndidule ine, kukanena ndikanene ine? Amayi, kalatayi ikudyani mutu. Mawa mudzakayikira mphaka."

Wofufuza uja anafika tsiku lake. Anali bambo wamtali, wa magalasi, wonyamula chikwama chakuda chimene sankachisiya pansi, moti pofika masana ogwira ntchito onse anali atamutcha kale kuti aChikwama. Analowa m'chipinda chachitatu odwala atatha, nakana tiyi, n'kuyala mapepala patebulo. Pa mapepalawo panali mzere wa nthawi: wodwala uyu 12:11, wotsatira 12:13, wina 12:15.

"Adokotala, munthu mumamuyeza bwanji pa mphindi ziwiri?"

"Sindimuyeza pa mphindi ziwiri."

"Makina akutero."

"Makinawo amadziwa nthawi imene ndalemba. Nthawi imene ndaona munthu saidziwa."

"Ndiye pakati pa kuona ndi kulemba, zinthuzo zimakhala kuti? M'mutu? Anthu makumi atatu, aliyense ndi bipi yake?"

AChikwama anavula magalasi n'kuloza ndi chibwano.

"M'dilowa iyo muli chiyani?"

Ndiye kuti anauzidwa, anaganiza adokotala. "Anakuuzani ndani za dilowayi?"

"Bondo lanu. Chilowereni ine muno mwalitsamiza pamenepo ngati muli njoka."

Adokotala anaganiza za chiphaso chawo chimene chinali m'felemu pakhoma, ndi za benchi ya panja ija. Kenako anatulutsa kiyi. Makadi anali omangidwa ndi timalamba ta nsalu, mtolo uliwonse sabata yake. AChikwama anamasula mtolo umodzi, anawerenga makadi angapo atawayandikiza kumaso, n'kuwafananiza ndi mapepala awo. Zinkagwirizana. Koma nkhope yawo sinasinthe.

"Mukudziwa kuti izi n'zoletsedwa."

"Ndikudziwa."

"Komanso munalandira kalata masiku khumi apitawo. Pa masiku khumi munthu wa dzanja lachangu angathe kulemba makadi ambiri ndithu."

Apa ndiye adokotala anapsa mtima, koma mawu awo anatsika m'malo mokwera. "Bambo, paja kalata ija inati ndinu dokotala?"

"Ndine. Ndinachoka m'mawodi zaka khumi ndi chimodzi zapitazo."

"Ndiye lamulo likukulolani kukhala pa kompyutayi. Bwerani mawa 7 koloko. Ine ndiziona odwala, inu muzidzaza fomu monga lamulo likunenera, munthu ali pomwepo. Mukaona kuti anthu anga ndi a m'mutu, chiphasocho mukachotse nokha pakhomapo."

AChikwama anawayang'ana nthawi yaitali, ngati akufunafuna pamene pali msampha. Kenako anatseka chikwama chawo. "7 koloko."

Wodwala woyamba m'mawa mwake anali bambo wachikulire wopala matabwa, amene anadzitema ndi tchizulo pachala ndipo ankabwera kudzatsukitsa bala kachitatu sabata imeneyo. Adokotala anamasula bandeji, ananunkhiza, anadina m'mbali mwa balalo, n'kunena kuti likupola. Zonsezi zinatenga mphindi zinayi. AChikwama anali akadali pa kabokosi kachisanu ndi chiwiri.

"Agogo, mumasuta fodya?"

"Lolemba ndinati sindisuta. Lachitatu ndinati sindisuta. Kapena mukufuna ndiyambe, achimwene?"

"Madzi akumwa mumatunga kuti?"

"Kumpopi komwe kuja. Sunasamuke."

"M'nyumba mwanu mumakhala anthu angati?"

"Inu, chala changa chili apa. Anthu a m'nyumba mwanga zala zawo zili bwinobwino."

Sisitala anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. AChikwama anafuna kudumpha kabokosi kofunsa ngati wodwala ndi woyembekezera, koma makinawo anakana kupitirira mpaka atadina kuti ayi. Agogo aja anatuluka akupukusa mutu.

Wachitatu anali mwana wa zaka zinayi wobanika pachifuwa. Adokotala anagwada, anamuveka choyezera m'makutu, ndipo mwanayo ali chete kumvetsera iwo anali akuwerenga mpweya wake ndi maso, akuyang'ana mmene nthiti zikulowera. Anatembenukira kwa aChikwama. "Uyu akufunika mankhwala opumira pompano. Tsegulani tsamba la mankhwala." Tsambalo silinatseguke, chifukwa mafunso a mayi amene analowa wachiwiri anali asanathe. Pofuna kufulumira, aChikwama anadina polakwika, ndipo makinawo anawatulutsa n'kufuna nambala yachinsinsi. Adokotala sanadikire. Analemba kapepala pamanja, Sisitala n'kuthamanga nako.

Pofika 10 koloko, Dokotala Pensulo anali ataona anthu khumi ndi anayi. AChikwama anali atamaliza asanu ndi mmodzi, jekete atavula, chikwama chili pansi pa tebulo. Anafunsa kuti bipi ya mayi wachisanu ndi chiwiri inali chiyani, pamene mayiyo anali atapita kalekale. Adokotala anangotenga timakadi tisanu ndi titatu timene ankalemba mwakachetechete ali chiimire, n'kutikankhira pafupi ndi dzanja lawo. AChikwama anatiyang'ana, anayang'ana chitseko, kenako anatenga ka pamwamba n'kuyamba kukopera.

Pa nkhomaliro aChikwama sanapite kukadya. Anawerenga timabokosi ta pa fomu ndi nsonga ya cholembera, kamodzikamodzi, ndipo tinakwana makumi anayi ndi kasanu ndi kamodzi.

"Kulikulu kwanuko amawerenga ndani mayankho amenewa?" anafunsa adokotala.

"Sindikudziwa. Ine chimene chimandifika ndi nthawi zokha."

"Nanga anandinenera ndani?"

"Palibe. Mwezi uliwonse makina amatulutsa okha mayina a madokotala amene nthawi zawo zikuoneka zachilendo. Lanu linali pamwamba."

Adokotala sanakhulupirire msanga. Ofufuza amateteza anthu awo, zimenezo ankazidziwa. Koma Sisitala, amene ankapinda mabandeji pakona, anaika lumo pansi mwamphamvu.

"Mwamva, adokotala? Sabata yonse ndi theka mukundibisira kiyi ngati ndine mbava. Ine amene ndimakutsekerani chitseko mukamalemba!"

"Pepani, Sisitala. Ndinalakwa."

"Pepani wake ameneyo mudzanene pa benchi paja, pamene munandikalipira za bandeji."

Ndipo m'mawa mwake ananenadi, anthu onse akumva.

Yankho la bungwe linabwera patatha milungu isanu. Mlandu wa odwala opeka ndi wa mankhwala unathetsedwa, chiphaso chinatsala pakhoma. Koma pa nkhani ya makadi analandira chenjezo lolembedwa, loti likhala m'fayilo yawo mpaka adzapume pa ntchito, ndipo makadi onse anatengedwa. Zinawapweteka, chifukwa pa zaka zonsezo m'fayilomo munalibe kanthu koipa. Anayenera kutembenuzanso kompyuta ija kuti iwayang'ane, ndipo mzere wa panja unayamba kufika pageti.

M'envelopu yomweyo munali pepala lachiwiri. Linali fomu ija yosindikizidwa, ndi mawu ochepa a aChikwama opempha kuti adokotala achonge timabokosi timene akuona kuti n'tofunikadi pochiza munthu, asayine, n'kubweza. Pepalalo linakhala m'chikwama cha adokotala milungu itatu. Ankaliona ngati nyambo. Munthu amene wangochenjezedwa kumene asayine kuti malamulo a akuluakulu ndi osafunika? Mawa lomwelo adzati ndi wosamvera.

"Mwina ndi msampha, mwina ayi," anatero atelala atawaonetsa. "Koma malaya akathina, mwini wake akapanda kunena pothina, ine ndimasoka ena othina chimodzimodzi."

Sanafune kusayina okha. Anagogoda pa chitseko choyamba, kwa Dokotala Mphepo amene ankamukayikira uja, n'kumuonetsa pepalalo. Iye anatseka chitseko kaye asanalankhule.

"Amayi, ndikuuzeni zoona. Ine mafunso amenewa sindifunsa. Ndimangodina ayi, ayi, ayi, mpaka pansi, kapena kukopera za ulendo wapitawo. Makina amandikonda kwabasi. Koma pali bambo wina amene ndakhala ndikumulemba kuti sasuta, chonsecho fodya amaonekera m'thumba la malaya."

Anakhala pansi awiriwo ndi dokotala wa m'chipinda chachiwiri, masana atatu otsatizana odwala akatha. Pa kabokosi kalikonse ankafunsana funso limodzi: yankho la apa linasinthapo mankhwala amene unapereka kwa munthu? Timene tinali tofunika kamodzi kokha, munthu akabwera koyamba, anatiika patokha. Timene kalaliki wolandira odwala akanatha kufunsa, patokhanso. Anakangana kwambiri pa ka fodya, ndipo Dokotala Pensulo ndi amene anakakamira kuti katsale, koma kazifunsidwa kamodzi pa chaka. Anasayina onse atatu.

Panapita miyezi isanu ndi inayi popanda yankho, ndipo iwo anali atatsimikiza kuti pepalalo linangosungidwa kuti lidzawatsutse tsiku lina. Kalata ya khaki iliyonse ikafika pa chipatalapo ankayamba ayang'ana dzina. Kenako Lolemba lina, atatsegula kompyuta, anapeza fomu yafupika. Anaganiza kuti makina awonongeka, moti anatuma Sisitala kukaona m'zipinda zinazo. Monsemo zinali chimodzimodzi. Chikalata chofotokoza kusinthako chinafika patapita masiku awiri, ndipo sichinatchule dzina la munthu aliyense.

Dokotala Pensulo anagwiranso ntchito m'chipinda chachitatu zaka zina zisanu ndi ziwiri, mpaka anapuma, chenjezo lija likadali m'fayilo. Kuyambira chaka chimenecho, m'zipatala zonse za pansi pa bungwelo, fomu ya wodwala wobweranso ili ndi timabokosi khumi ndi titatu, ndipo dokotala amaloledwa kumaliza kulemba nthawi iliyonse asanaweruke tsiku lomwelo.